Mmene mungaphere bungwe lanu lisanasinthe lamulo n'limodzi lomwe

Akusankhani posachedwapa kukhala wapampando wa bungwe. Kaya ndi la alimi a nandolo, la aphunzitsi, la amayi ogulitsa nsomba, la akabaza kapena la eni mafakitale, anthu akuikani pampandopo ndi chiyembekezo chimodzi: kuti mawu awo akamveke kumene kumapangidwa malamulo ndi kugawidwa ndalama za boma. Malangizo ali munowa ndi anu ngati mukufuna kuti mawuwo athere panjira. Palibe njira imene ndachita kupeka. Zonse zinayesedwa kale m'dziko muno ndipo zimaphadi. Chondiwawa n'chakuti zambiri mwa izo sizilira munthu woipa mtima. Zimangolira kutopa pang'ono, kukonda ulemu pang'ono, ndi kuiwala amene anakutumani.

Muyambe mwadziwa kukula kwa chimene mukuphacho. Phungu amaimira dera, saimira ntchito kapena vuto. Mlimi wa fodya wa ku Rumphi ndi mnzake wa ku Kasungu akulira chimodzimodzi ndi mitengo ya kuokushoni, koma aphungu awo ndi awiri, mwinanso a zipani zosamwerana madzi. Voti imabwera kamodzi pa zaka zisanu, ndipo pa pepala lovotera palibe malo olembapo kuti feteleza anafika mvula itapita. Kuchokera pa chisankho ichi kukafika pa chinacho, chimene chimasonkhanitsa anthu a vuto limodzi kuti ayankhule ndi pakamwa pamodzi ndi bungwe. Makolo athu anazindikira zimenezi kalekale. Bungwe la North Nyasa Native Association linayamba mu 1912, ena anatsatira m'maboma ena, ndipo mu 1944 mabungwe amenewa ndiwo anabala Nyasaland African Congress. Choncho lanulo likafa, musaganize kuti mawa kudzatulukira wina wowayankhulira anthu anu. Adzakhala duu kwa zaka zambiri, ena akuwapangira malamulo.

Kupha kumene ndikunenaku si kutseka ofesi. Bungwe likhoza kukhala ndi chikwangwani pamsewu, galimoto yolembedwa dzina pachitseko, mlembi woyankha foni, koma litafa kalekale.

Choyamba, lekani kutolera ndalama ya umembala. Mayi amene wapereka yake, ichepe bwanji, amabwera kumsonkhano ndi funso ndipo sachoka asanayankhidwe. Nenani kuti anthu ndi osauka, kuti ndalamayo siikwana ngakhale mafuta okaitolera, ndipo pezani bungwe lakunja loti lizilipira zonse. Kuyambira tsiku limenelo malipoti anu azilembedwa m'Chingerezi kupita kwa opereka ndalama, ndipo nkhani imene muzimenyera izisintha potsata zimene iwo aika patsogolo chaka chimenecho: chaka chino zanyengo, chaka chamawa achinyamata, pamene mamembala anu akulirabe msika wa nandolo. Thandizo lakunja palokha si loipa, lamanga zambiri m'dziko muno. Chopha ndicho kulilola kuti likhale pamalo pa mamembala. Pulojekiti ikadzatha, opereka ndalama adzatsanzika mwaulemu, ndipo pobwerera kumudzi mudzapeza anthu ataiwala kuti bungwelo linali lawo.

Msonkhano waukulu wa pachaka muziuzengereza, ponena kuti ndalama palibe. M'malo mwake muzichititsa maphunziro m'mahotela a kunyanja, ku Mangochi kapena ku Salima, n'kumaitana anthu omweomwewo, aliyense ndi envulopu yake ya alawansi. Sipatenga nthawi, simudzathanso kusiyanitsa amene wabwera chifukwa nkhaniyo ikumupweteka ndi amene wabwerera envulopu. Tsiku limene mudzaitane anthu popanda alawansi, mipando idzakuuzani.

Mukafuna kuona mphamvu imene mukutayayo, kumbukirani Lamulungu la pa 8 Malichi 1992. Maepiskopi a Katolika analemba kalata yodzudzula umphawi, malipiro ochepa, kumanga anthu popanda mlandu ndi kutseka anthu pakamwa. Sanakaisiye pa desiki ya nduna. Inawerengedwa m'matchalitchi awo dziko lonse tsiku limodzi, m'zinenero zimene anthu amayankhula kunyumba. Boma linati ndi kalata youkira, wopezeka nayo amangidwe, ndipo Monsinyo John Roche anathamangitsidwa m'dziko. Koma mawu anali atalowa kale m'makutu a anthu osawerengeka, kuyambira ku Chitipa mpaka ku Nsanje. Chaka chomwecho mipingo ina, Asilamu, maloya ndi amalonda anagwirizana n'kupanga Public Affairs Committee (PAC), imene inakhala pansi ndi nduna za Kamuzu, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi anavotera zipani zambiri. Mawu a m'kalatamo anthu ankawanong'onezana kale m'nyumba. Chatsopano chinali chakuti owanenawo anali ndi anthu kumbuyo kwawo, m'parishi iliyonse. Nduna iliyonse imadziwa kuwerengera. Mukalowa mu ofesi yake imakupatsani moni, koma mumtima ikufunsa kuti munthuyu akatuluka muno wokhumudwa, akhumudwa naye ndi angati. Onetsetsani kuti yankho lake likhale lakuti palibe.

Mamembala akakanirira, pali njira ina. Lolani wamkulu kuti aziyankhula m'dzina la onse. M'bungwe lililonse muli mwini maminibasi makumi awiri ndi mwini imodzi yangongole, mwini esiteti ndi mlimi wa ekala imodzi. Zofuna zawo pena zimakumana, pena zimasemphana kotheratu. Inu muzitenga za wamkuluyo, popeza ndiye amalipira holo ndi chakudya, n'kukazitula kuboma monga zofuna za alimi onse. Mbiri ya fodya ikuphunzitsani mmene zimenezi zimayendera. Bungwe la alimi a fodya limene lero timalidziwa kuti TAMA linayamba mu 1929, nthawi ya atsamunda, pakati pa alimi achizungu. Ufulu utabwera, kwa zaka zambiri lamulo linkasungira maesiteti fodya wa bale, ndipo mlimi wamng'ono wa kumudzi anayamba kuloledwa kumulima cha m'ma 1990. Amene ankakhetsa thukuta m'maesitetimo anali matenanti, ambiri ochokera m'maboma a kummwera, okhala ndi mabanja awo pamunda wa bwana, kudya chimanga changongole, kudikira malipiro kamodzi pachaka fodya akagulitsidwa. Bilu yowateteza inalembedwa m'zaka za m'ma 1990 ndipo inakhala m'madilowa zaka zoposa makumi awiri osasanduka lamulo, kufikira mu 2021 pamene Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti posintha lamulo la zolemba anthu ntchito. Ana obadwira pa esiteti chaka chimene biluyo inkalembedwa anali atakula n'kubereka awo.

Chifukwa chake si chobisika. Anthu ochepa amene ali ndi zambiri zoti ataye amapezana mosavuta. Mafoni angapo, akumana, alemba loya. Anthu ambiri omwazikana m'maesiteti, opanda ndalama ya basi, oopa kuthamangitsidwa asanalipidwe, savutika pang'ono kuti akumane. Demokalase siikonza yokha kusiyana kumeneku, ingochita kukukulitsa ngati palibe mtsogoleri amene wachita dala kupita kukakhala pansi ndi wamng'onoyo. Inu musapiteko.

Tifike pa zimene mukapemphe. Pemphani zonse nthawi imodzi. Lembani chikalata cha madandaulo cha masamba ambiri, kuyambira mtengo wa mafuta, katangale, kuzimazima kwa magetsi, mpaka khalidwe la achinyamata, ndipo nkhani imene mamembala anakutumani muiike penapake pakati. Mawu ake akhale akuluakulu: boma lichitepo kanthu, zinthu zisinthe msanga. Musatchule gawo la lamulo limene mukufuna lichoke. Musatchule ndalama zingati, zichokere pati. Musatchule tsiku. Chikalata chotere nduna imachilandira ndi manja awiri, chifukwa yankho lake ndi lokonzeratu: tamva, tikhazikitsa komiti. Palibe tsiku limene munthu adzaimirire n'kunena kuti apa boma lalephera, popeza palibe chimene chinatchulidwa choti chichitike. Umboni nawonso muusiye. Musawerenge kuti ndi aphunzitsi angati m'boma lanu amene sanakwezedwe, kwa zaka zingati. Ingonenani kuti ndi ambiri. Mkulu wa ku unduna akatulutsa pepala lake la manambala, inu mukweze mawu.

Amayi omwe ali ndi kachilombo ka HIV anachita zosemphana ndi zimenezi mu 2017, ndipo nkhani yawo muidziwe bwino, chifukwa muli zonse zimene muyenera kupewa. Bilu ya HIV ndi Edzi inachokera ku lipoti la Law Commission la mu 2008. Munali zabwino zambiri, monga kuletsa kusala odwala, koma munalinso magawo okakamiza magulu ena a anthu kuyezetsa magazi, kuphatikizapo amayi oyembekezera, ndi ena opereka chilango kwa munthu wopatsira mnzake kachilombo. Anthu ambiri a mtima wabwino ankaona ngati magawo amenewa ndi otchinjiriza amayi. Eni akewo ndiwo anadziwa kumene nkhaniyo ikathere. Mayi ndiye amayamba kuyezedwa, kusikelo. Ndiye amayamba kudziwika. Choncho ndiye adzalozedwa chala kuti wabweretsa matenda m'nyumba, ngakhale atakhala kuti anachita kupatsidwa. Ndipo sanabwere ndi mantha okha. Mu 2015 khoti lalikulu linali litagamula kuti kuyeza magazi mokakamiza amayi amene anamangidwa ku Mwanza mu 2009 kunali kuphwanya ufulu wawo. Kumayambiriro kwa 2017 khoti lalikulu ku Zomba linamasula mayi wina amene anapatsidwa chilango chifukwa choyamwitsa mwana ali ndi kachilombo. Mabungwe awo, monga COWLHA, pamodzi ndi bungwe la maloya achizimayi, sanati bilu yonse itayidwe. Analoza magawo ake, limodzilimodzi, anakumana ndi aphungu n'kuwafotokozera ndi pakamwa pawo, anafika ku Nyumba ya Malamulo iwo eni. Kumapeto kwa Novembala 2017 biluyo inadutsa magawo aja atachotsedwa. Amayi amenewa analibe ndalama zoposa za wina aliyense. Anali ndi pempho loti phungu akhoza kuliyankha ndi inde kapena ayi.

China chopha bwino ndicho kufika mochedwa. Kawirikawiri lamulo siliyambira m'Nyumba ya Malamulo. Limayambira ku unduna kapena ku Law Commission, kumene maganizo amasonkhanitsidwa. Limapita ku Unduna wa Zachilungamo kukalembedwa m'chinenero cha malamulo, nduna zimalikambirana, limasindikizidwa mu Gazette, kenaka ndiye limafika kwa aphungu, amene akhoza kulitumiza ku komiti kuti ikamve maganizo a anthu. Likadutsa, mtsogoleri wa dziko ali ndi masiku 21 oti asaine kapena akane. Pofewa penipeni ndi koyambirira kuja, mawu akadali pa kompyuta ya mkulu wina wa ku Capital Hill amene palibe mtolankhani akumudziwa dzina. Pamenepo kusintha chiganizo sikuchititsa munthu manyazi. Bilu ikafika poyera, nduna yaikapo kale ulemu wake, ndipo kusintha kulikonse kumaoneka ngati kugonja. Choncho mkulu wa pa kompyuta uja musamudziwe. Muzimutenga ngati mdani, monga boma lonse. Akakuitanani kumsonkhano womva maganizo, tumizani munthu amene sadziwa nkhaniyo, kapena musapite n'komwe poti sanatchule za alawansi. Komiti ya aphungu ikalengeza kuti ikulandira maganizo, musalembe kanthu.

Bilu ikatuluka musaiwerenge, dikirani kumva pa wailesi. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la ubale wa olemba ndi olembedwa ntchito, n'kulola bwana kudula malipiro a wantchito amene wanyanyala ntchito kupitirira masiku atatu pachaka. Ndi mizere yochepa chabe, koma inasintha kulemera kwa sitalaka iliyonse m'dziko muno, chifukwa mphunzitsi kapena namwino amene ali ndi lendi ndi fizi amayamba wawerengera za tsiku lachinayi asanatuluke pageti. Mizere yotere amaiona ndi munthu amene wakhala pansi ndi pensulo, n'kuwerenga tsamba ndi tsamba, usiku. Onetsetsani kuti m'bungwe lanu mulibe munthu wotero, ndipo akapezeka, mumupatse ntchito yokonza malaya a pa tsiku la chikondwerero.

Bajeti nayonso chimodzimodzi. Isanalembedwe, Nduna ya Zachuma imayendera Blantyre, Lilongwe ndi Mzuzu kumva maganizo, ndipo kuyambira mu 2022 chaka cha boma chimayamba pa 1 Epulo. Mabungwe a amalonda monga MCCCI salephera kufikako, mapepala ali m'manja, atalemba msonkho umene akufuna utsike ndi chifukwa chake. Akuchita ntchito imene mamembala awo anawatuma, ndipo palibe wowadzudzula. Inu dikirani nduna iwerenge bajeti, kenaka muitane atolankhani muwauze kuti mwakhumudwa.

Kufika mochedwa kuli ndi mnzake, kuchoka msanga, ndipo ameneyu wapha zambiri kuposa. Boma likangolonjeza, ombani m'manja, thokozani pa wailesi, bwererani kwanu. Ngakhale bungwe lodziwa ntchito ngati PAC linalawako zimenezi. Mu 2017 linakonza zionetsero za pa 13 Disembala pofuna kuti mabilu osintha malamulo a chisankho, kuphatikizapo yoti wopambana upulezidenti azipeza mavoti opitirira theka, apite ku Nyumba ya Malamulo. Boma linapita nawo, zionetsero zinaimitsidwa, ndipo patangopita masiku ochepa aphungu anaikana bilu ija. Pempho linali lakuti mabilu afike m'nyumbamo, ndipo anafikadi. Nkhani ya mavoti opitirira theka inadzathera kukhoti, pa chigamulo cha pa 3 Febuluwale 2020.

Ngakhale bilu itadutsa, itasainidwa, ulendo ukadalipo, ndipo apa ndi pamene muyenera kutopa. Atolankhani, kudzera ku MISA Malawi, anayamba kumenyera lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma cha m'ma 2003. Maboma analowa, natuluka. Ndondomeko yake inavomerezedwa mu 2014. Bilu imene inachokera kwa nduna mu 2016 inali itafooketsedwa, ndipo anayenera kukagwira ntchito ndi komiti ya aphungu kuti zina zibwerere. Inadutsa mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika anaisaina mu Febuluwale 2017. Apo munthu wotopa akanaphika phwando. Koma lamulolo linkadikira kuti nduna ilengeze tsiku loyamba kugwira ntchito, ndipo tsikulo silinabwere mpaka pa 30 Sepitembala 2020. Zaka zitatu ndi theka lamulo lilipo koma palibe angaligwiritse ntchito. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Atolankhaniwo anadekha zaka pafupifupi 17, akusinthana utsogoleri koma nkhani osaitaya. Ndipo lero lomwe, lamulolo ndi lamoyo pokhapokha wina akalemba kalata yopempha chikalata cha boma, akakanizidwa n'kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission.

Omenyera ufulu wa atsikana akanathanso kupuma mu 2015, pamene lamulo la maukwati linati munthu azikwatiwa kapena kukwatira atakwana zaka 18. Koma malamulo oyendetsera dziko, amene ali pamwamba pa malamulo onse, ankalolabe mwana wa zaka 15 kulowa m'banja makolo akavomera. Anabwereranso kwa aphungu, mpaka mu Febuluwale 2017 gawo limenelo linasinthidwa. Kuchoka apo panatsalabe ntchito ya m'midzi, imene anthu ngati Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza anaigwira pothetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuwabwezera kusukulu.

Dziwaninso kuti pamene inu mukutopa, amene ali mbali inayo satopa. Boma linaletsa majumbo opyapyala mu 2015. Makampani opanga mapulasitiki anakatenga chiletso kukhoti. Khoti la Supreme linagamula mu 2019 kuti lamulolo ligwire ntchito, koma ziletso zina zinatsatira, ndipo nkhaniyi inazungulira m'makhoti zaka pafupifupi khumi, majumbo akudzaza mu Mudi ndi mu Lingadzi. Kupita kukhoti ndi ufulu wawo. Chimene ndikufuna muone n'chakuti kwa kampani, mwezi uliwonse wochedwetsa lamulo ndi phindu lowerengeka, choncho loya wake sajomba kukhoti. Inu muzijomba.

Tsopano nkhani ya chipani. Bungwe lanu likwatitseni ku chipani chimodzi. Chikakhala chotsutsa, muzidzudzula chilichonse chimene boma lachita, chabwino ndi choipa chomwe, kufikira nduna zitasiya kukumverani poti zikudziwa kale chimene munene. Chikalowa m'boma, khalani chete pa zomwezo zimene munkayendera pamsewu chaka chatha. Mamembala anu ali m'zipani zonse. Mlimi wa DPP ndi wa Kongeresi amagula feteleza pa mtengo umodzi. Mukavala nsalu ya chipani chimodzi, theka la iwo lachoka osatsanzika. Tinaziona kale zimenezi pa mlingo wa dziko lonse. M'zaka za m'ma 1960 mabungwe a apantchito anaikidwa pansi pa chipani cha Kongeresi, ndipo anakhala osayankhula pafupifupi zaka makumi atatu. Pamene antchito a pa fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre ananyanyala ntchito mu Meyi 1992, anachita kudziyambira okha, ndipo chipolowe chimene chinatsatira chinatenga miyoyo ya anthu ambiri. Mkwiyo umene ukanadutsa pa tebulo lokambirana unadutsa mumsewu, chifukwa tebulolo panalibe.

Mipingo ndi maloya amene anathandiza kutsegula chitseko cha zipani zambiri akanatha kunena kuti boma la Bakili Muluzi ndi mwana wawo, asamukhudze. Sanatero. Pamene kunabwera maganizo ochotsa malire a materemu a pulezidenti, anaima poyera kukana, ndipo pa 4 Julaye 2002 bilu ija inaperewera mavoti atatu okha kuti idutse. Aphungu ankadziwa kuti kwawo, kutchalitchi ndi kumzikiti, anthu akuwayang'ana. Bungwe limene linakana Kamuzu n'kukananso Muluzi, boma lililonse lobwera limayenera kulimvera. Lanulo lisafike pamenepo.

Mpando ukabwera, ulandireni. Ukhoza kukhala wa m'bodi ya kampani ya boma, wa ku ukazembe, ngakhale wa unduna. Mu 2020 Timothy Mtambo, amene anatsogolera zionetsero za bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC chisankho cha 2019 chitasokonekera, anachoka m'bungwelo, analowa ndale, nasankhidwa kukhala nduna. Palibe lamulo limene anaphwanya, ndipo nzika iliyonse ili ndi ufulu wotumikira dziko m'boma. Koma mtengo wake amalipira otsala. Kuyambira pamenepo aliyense woimirira kudzudzula boma amafunsidwa m'minibasi ndi pa Facebook kuti kodi nayenso akufuna mpando wanji, ndipo funso limenelo limafooketsa ngakhale amene sakufuna kanthu. Kuli njira ina yachidule, ya chibanzi cholandirira kumdima madzulo a tsiku la zionetsero. Imeneyo imapha msanga kuposa zonse, chifukwa wokupatsaniyo sadzakuopaninso mpaka kalekale, ndipo sasunga chinsinsi.

Zionetsero muziyamba nazo, musamalize nazo. Gawo 38 la malamulo oyendetsera dziko limapatsa aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere, ndipo pali nthawi imene palibenso njira ina. Anthu anafera ufulu umenewu pa 20 Julaye 2011. Chida cholemera chotere mukhoza kuchipeputsa pochitulutsa mwezi uliwonse, musanalembe kalata, musanapemphe kukumana ndi aliyense. Musakonze anthu oyang'anira mzere. Anyamata akayamba kuswa mashopu ndi kulanda tomato wa amayi a mumsika, nenani kuti si anu. Madzulo ake dziko lonse lizikamba za magalasi osweka, ndipo mayi wa tomato uja, amene dandaulo lake ndi lofanana ndi lanu, adzatseka benchi yake ndi mantha akadzangomva dzina la bungwe lanu.

Za ndalama ndi zaufupi. Musaonetse mamembala mabuku. Msungichuma akhale mlamu wanu. Teremu yanu ikatha, sinthani malamulo a bungwe kuti mupitirire, kwinaku mukudzudzula andale okakamira mipando. Wofunsa mafunso mumutche wotumidwa, achoke akayambitse bungwe lake la dzina lofanana ndi lanu, kuti boma lizisankha loti liyankhule nalo pakati pa awirinu. Lamulo la mabungwe omwe si aboma linakhwimitsidwa mu 2022, ndipo ambiri anadandaula kuti likhoza kugwiritsidwa ntchito potseka pakamwa odzudzula. Nkhawa imeneyo ndi yomveka. Koma bungwe lililonse lobisa mabuku kwa eni ake limapatsa boma chifukwa chonenera kuti lamulo lotere n'lofunika, ndipo chikwapucho chimagwera ndi osalakwa omwe.

Mukachita zonsezi mamembala anu sadzasiya kukhala ndi mavuto. Adzangosiya kuwabweretsa pamodzi. Aliyense azipita yekha kunyumba kwa phungu m'mamawa, kukapempha bokosi la maliro, fizi ya mwana, thumba limodzi la feteleza, ndipo phunguyo azipereka kwa amene wamufuna, n'kumayamikiridwa pa chinthu chimene lamulo labwino likanapereka kwa onse popanda kugwada. Malamulo sadzaleka kupangidwa. Azilembedwa ndi amene anatsala m'chipindamo: kampani yokhala ndi loya, bungwe lakunja lokhala ndi katswiri, ndi mkulu wa ku unduna amene palibe anamuuza mmene zinthu zilili kumudzi.

Chotsala ndi chimodzi. Satifiketi ya bungwe musaitaye, ndipo chidindo muchisunge bwino. Unduna ukadzakonza bilu yokhudza anthu anu udzafuna dzina loti ulembe pa mndandanda wa amene anafunsidwa maganizo. Adzakuitanani ku hotela, mudzasaina pa pepala la obwera, mudzadya nkhomaliro. Nduna ikadzaimirira m'Nyumba ya Malamulo idzauza aphungu kuti alimi anafunsidwa ndipo anavomereza, ndipo phungu amene akanafunsa funso m'malo mwa anthu anu adzakhala pansi, poganiza kuti eni ake akhutira.